Kuvina pa Ayezi Si kwa Eni Chisanu Okha

Masewera a Olimpiki a nyengo yozizira amachitika mu Febuluwale, kamodzi pa zaka zinayi zilizonse, ndipo mwezi umenewu ku Bellville, m'dera la Cape Town ku South Africa, dzuwa limakhala likuswa mtengo. Mmalawi amene waweruka ku ntchito yosamala maluwa, ya m'lesitilanti kapena ya m'nyumba, n'kutsika pa renki ya matakisi thukuta lili kamukamu, akatsegula kanema n'kupeza anthu akutsetsereka pa ayezi sachedwa kusintha tchanelo kuti asake mpira. Amati zimenezo n'za eni chisanu, ife sizitikhudza. Maganizo amenewa ndi omveka, koma ndi olakwika, ndipo akutimana chinthu chokoma chimene chili pakhomo pathu. Masewera ovina ndi kulumpha pa ayezi, amene dziko lonse limawadziwa kuti figure skating, sadalira chipale chogwa kuchokera kumwamba. Amadalira zinthu zitatu: nyumba yokhala ndi ayezi, mphunzitsi, ndi anthu owonera amene akudziwa chimene akuona. Ku Cape Town ziwiri zoyambazo zilipo kale. Chachitatu ndi chimene chikusowa pakati pa ife olankhula Chichewa, ndipo n'chimene tingathe kuchipanga popanda kudikira boma kapena bungwe lililonse.

Tiyambe ndi nkhani ya nyengo, chifukwa ndi imene ambiri amathawirako. N'zoona kuti kutsetsereka pa ayezi kunayambira kumayiko kumene nyanja ndi mitsinje zimaundana. Koma masewerawa anasiyana ndi nyanja kalekale. Mu 1876 ku London kunatsegulidwa Glaciarium, bwalo limene ayezi wake ankapangidwa ndi makina, ndipo figure skating inalowa m'Masewera a Olimpiki mu 1908 mumzinda womwewo, m'nyumba yofoleredwa, zaka 16 Masewera a nyengo yozizira asanayambe ku Chamonix mu 1924. Lero mpikisano waukulu uliwonse umachitikira m'nyumba. Pansi pa bwalo pamayalidwa mapaipi aatali mmene mumayenda madzi osakaniza ndi mankhwala ozizitsa. Pamwamba pake amathira madzi pang'onopang'ono mpaka ayezi atakhuthala masentimita ochepa chabe, ndipo pakapita nthawi galimoto yapadera imadutsa kupala zokandika n'kuthira madzi ofunda kuti bwalo lisalalenso. Kunja kaya kukutentha kaya kukugwa mvula, m'katimo nyengo ndi imodzi. Wovina wa ku Moscow ndi wa ku Cape Town amaponda ayezi wopangidwa mofanana, pa bwalo la muyeso wa Olimpiki la mamita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi.

Bwalo loterolo lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Bellville. Ukatsata Voortrekker Road kudutsa Parow, kapena ukakwera sitima yodzera ku Elsies River ndi Vasco, umafika ku Goodwood, kumene kuli GrandWest, malo achisangalalo amene anatsegulidwa mu 2000 pamalo akale a zionetsero. M'katimo muli The Ice Station, bwalo la muyeso wa Olimpiki. Si malo ongoseweretsa ana pa tchuthi ayi. Mu Okutobala 2008 mzinda wa Cape Town unalandira gawo limodzi la Junior Grand Prix, mpikisano wa achinyamata woyendetsedwa ndi International Skating Union, bungwe lolamulira masewerawa padziko lonse limene linakhazikitsidwa mu 1892. Mu 2011, 2013 ndi 2018 matimu a mayiko osiyanasiyana anabwera kudzalimbirana chikho cha gulu lachitatu la mpikisano wa dziko lonse wa hokey ya pa ayezi. Zonsezi zinkachitika Amalawi ambirimbiri ali m'dera lomwelo, akugulitsa malonda, akumeta anthu m'masaluni, akuyendetsa magalimoto. Mtunda sunali vuto. Vuto linali lakuti palibe amene anatiuza kuti chitseko chimenecho n'chathunso, ndipo ifenso sitinafunse.

Mbiri ya South Africa ikusonyeza bwino kuti chimene chimatsekereza munthu ku masewerawa ndi chitseko, osati thambo. Dziko limeneli ndilo linali loyamba mu Africa kupita ku Olimpiki ya nyengo yozizira, ku Squaw Valley mu 1960, ndipo onse amene linatumiza anali a figure skating. Anali azungu okhaokha, chifukwa ulamuliro wa tsankho ndiwo unkasankha wopeza mwayi ndi wosaupeza. Chifukwa cha tsankho lomwelo dzikoli linaletsedwa kupita ku Olimpiki kuyambira mu 1964, ndipo ku masewera a nyengo yozizira linabwerera mu 1994 ku Lillehammer, kumene Dino Quattrocecere analiimira pa ayezi. Mu 1998 ku Nagano kunapita Shirene Human. Ku Nagano komweko Philip Boit wa ku Kenya anathamanga mtunda wa makilomita 10 pa ski n'kumaliza womaliza, ndipo wopambana, Bjørn Dæhlie wa ku Norway, anamudikira pamzere womalizira kuti amulandire. Zimbabwe inatumiza Luke Steyn ku Sochi mu 2014. Nigeria inatumiza timu ya amayi ya bobsled ku PyeongChang mu 2018. Kufikira ku Beijing mu 2022 palibe dziko la mu Africa limene linapata mendulo, ndipo Malawi anali asanatumizeko munthu. Koma mndandanda umenewu ukukula, ndipo dzina lililonse pamenepo ndi la munthu amene anapeza poti alowere.

Umboni wamphamvu kuposa wonse ukuchokera kumayiko otentha ngati athu. Michael Christian Martinez wa ku Philippines anaphunzira kutsetsereka pa bwalo la m'nyumba ya mashopu m'dera la Manila, m'dziko limene silidziwa chipale. Mu 2014, ali ndi zaka 17, anafika ku Sochi n'kumaliza pa nambala 19. Donovan Carrillo wa ku Mexico, bwalo la kwawo ku Guadalajara litatsekedwa, anasamukira ku León kumene ankachita zokonzekera pa kabwalo ka m'nyumba ya mashopu, akuzembana ndi anthu wamba obwera kudzasangalala. Mu 2022 ku Beijing anakhala munthu woyamba wa dziko lake kudutsa gawo loyamba la mpikisano wa Olimpiki n'kufika ku gawo lomaliza. Anyamata awiriwa poyamba analibe bwalo loposa la ku Goodwood. Chimene anali nacho ndi maso amene anaona masewerawa ali aang'ono, makolo amene sanawaseke, ndi mphunzitsi amene anawakhulupirira. M'mera mpoyamba. Mwana sangalakelake chinthu chimene sanachionepo, ndipo sangachione ngati wamkulu wogwira rimoti wagamula kale kuti n'zachilendo.

Ena anganene kuti ngakhale zili choncho, masewerawa ndi a azungu ndipo sagwirizana ndi chikhalidwe chathu. Tikanati tizitsata mfundo imeneyi bwenzi tilibe Flames, tilibenso Queens, chifukwa mpira wa miyendo ndi wa manja zonse zinachokera ku England. Koma pamene mpikisano wa dziko lonse wa netibo unachitikira ku Cape Town mu 2023, Amalawi anakawaimbira m'manja atsikana awo ngati chinthu chawochawo, ndipo anachita bwino kutero. Masewera amakhala a munthu amene wawakonda n'kuwakhetsera thukuta. Figure skating nayo inasiya kale kukhala ya ku Ulaya kokha. Yuna Kim wa ku South Korea anatenga golide mu 2010, Yuzuru Hanyu wa ku Japan mu 2014 ndi mu 2018. Debi Thomas wa ku America anakhala munthu wakuda woyamba kupata mendulo pa Olimpiki ya nyengo yozizira, ku Calgary mu 1988. Surya Bonaly wa ku France, mkazi wakuda, anakhala katswiri wa ku Ulaya kasanu. Ku Nagano mu 1998 anatembenuzika chagada m'malere n'kutera ndi mwendo umodzi, akudziwa kuti malamulo ankaletsa zimenezo ndipo amuchotsera mapointi. Chiletsocho chinachotsedwa mu 2024. Amene amati pa ayezi palibe nkhope ngati zathu sanayang'anitsitse.

Kuyang'anitsitsako ndiko kumasiyanitsa wowonera ndi wongodutsa, ndipo kumayambira pa nsapato. Kunsi kwake kuli chitsulo chopyapyala, cha mamilimita pafupifupi 4. Chitsulocho si chafulati. Pakati pake ndi pokumbika, moti chili ndi mphepete ziwiri zakuthwa, ya m'kati ndi ya kunja, ndipo kutsogolo kwake kuli mano. Luso lonse lagona pa kusankha mphepete yoti aponde ndi kupendama mokwanira kuti chitsulo chidule ayezi mokhota. Malumpho alipo 6. Atatu, toe loop, flip ndi Lutz, wovina amabaya ayezi ndi mano aja kuti anyamuke. Atatu enawo, Salchow, loop ndi Axel, amanyamukira pa mphepete basi. Wongoyamba kuwonera asavutike kuwasiyanitsa onse. Ayambe ndi Axel, lumpho limene Axel Paulsen wa ku Norway analionetsa mu 1882, chifukwa ndi lokhalo limene munthu amanyamuka akuyang'ana kutsogolo. Taonani mmene limachitikira: wovina amabwera chambuyo ali pa liwiro, amatembenuka n'kuponda ndi mwendo wamanzere, bondo lapindika, manja ali kumbuyo. Kenako amaponya mwendo wamanja kutsogolo, amakokera manja pachifuwa, miyendo yapingasana, ndipo sekondi imodzi isanathe wazungulira katatu ndi theka n'kutera chambuyo pa mphepete ya kunja ya phazi limodzi. Theka lowonjezeralo ndilo limachititsa kuti Axel akhale wovuta kuposa onse. Midori Ito wa ku Japan anali mkazi woyamba kuzungulira katatu ndi theka pa mpikisano, mu 1988. Kuzungulira kanayi ndi theka kunadikira mpaka mu Seputembala 2022, pamene Ilia Malinin wa ku America anakwanitsa ku Lake Placid.

Malumpho ndi amene amakopa maso, koma si onse masewerawo. Pali kuzungulira pamalo amodzi, kumene wovina amayamba manja atatambasula n'kumawakokera m'thupi kuti liwiro liwonjezeke. Pali mayendedwe a mapazi odzaza bwalo lonse, kumene katswiri amadziwika ndi kufulumira popanda kuoneka kuti akukankha. Pali amuna paokha, akazi paokha, awiriawiri amene mwamuna amanyamula ndi kuponya mnzake, ndi gule wa awiri amene alibe malumpho akuluakulu koma amafuna kuti mapazi anayi amve nyimbo ngati a munthu mmodzi. Wovina payekha amaonekera kawiri: gawo lalifupi la mphindi 2 ndi masekondi 40, ndi lalitali la mphindi 4. Apa ndi pamene ife tili ndi mwayi umene sitiuzindikira. Munthu amene anakulira ku Nkhata Bay akuonera maboma a malipenga akupikisana safuna buku kuti adziwe gulu limene laphonya ng'oma, mzere umene wakhota, kapena wovina amene akungowerenga masitepe mumtima m'malo movina. Diso lomwelo ndilo likufunika pa ayezi. Oweruza amapereka mapointi osati pa malumpho okha, komanso pa kasanjidwe ka gule, kamvedwe ka nyimbo ndi luso la mapazi. Zimenezi si zachilendo kwa anthu amene gule ndi gawo la ukwati, chinamwali ndi maliro.

Koma mawu akuti oweruza akutifikitsa pa chitsutso cholemera. Mu mpira chigoli ndi chigoli, aliyense wachiona. Masewera amene wopambana amasankhidwa ndi anthu okhala pampando angadaliridwe bwanji? Funsoli lili ndi maziko. Ku Salt Lake City mu 2002, pa mpikisano wa awiriawiri, golide anapita kwa Elena Berezhnaya ndi Anton Sikharulidze a ku Russia, pamene ambiri ankaona kuti Jamie Salé ndi David Pelletier a ku Canada ndiwo anavina mosalakwitsa. Zitamveka kuti woweruza wa ku France, Marie-Reine Le Gougne, anakakamizidwa pa kavotedwe kake, a ku Canada anapatsidwanso golide. Manyazi amenewo anagwetsa dongosolo lakale limene malikisi apamwamba anali 6.0, ndipo mu 2004 linakhazikitsidwa latsopano. Tsopano lumpho lililonse lili ndi mtengo wake wolembedwa. Gulu lina la akatswiri limaonanso kanema pang'onopang'ono kuti litsimikize ngati wovina wazunguliradi mokwanira. Oweruza 9 amawonjezera kapena kuchotsa kuyambira pa -5 kufika pa +5, ndipo malikisi apamwamba kwambiri ndi otsika kwambiri amatayidwa. Mpikisano ukatha, pepala lonse la mapointi limaikidwa pa intaneti kuti aliyense alione. Kukondera sikunatheretu, pakuti oweruza ndi anthu ndipo ali ndi mayiko awo. Koma wowonera wa lero angathe kutsutsa ndi umboni m'manja, ndipo kuchuluka kwa anthu odziwa kuwerenga pepala limenelo ndiko kumamanga manja a wokondera.

Chitsutso china n'chokhudza ana, ndipo ichi sichiyenera kuyankhidwa mopepuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwa zaka zambiri atsikana aang'ono ndiwo ankapambana, chifukwa thupi lopepuka limazungulira msanga, ndipo ambiri ankasiya masewera asanakwanitse zaka 20 atavulala. Ku Beijing mu 2022 dziko linaona mapeto a njira imeneyi. Kamila Valieva wa ku Russia, wa zaka 15, anapezeka ndi mankhwala oletsedwa a trimetazidine m'thupi. Analoledwa kupitiriza, anagwa kangapo pamaso pa dziko lonse, anamaliza wachinayi akulira, ndipo mu Januwale 2024 khoti la zamasewera linamuletsa kwa zaka zinayi. Mwana wa zaka 15 sadzisankhira yekha zimene amamwa. Akuluakulu omuzungulira ndiwo anali ndi udindo. Kodi yankho ndi kuzimitsa kanema? Zimene zinachitika zikusonyeza kwina. Mkwiyo wa owonera ndiwo unathandiza kuti mu Juni 2022 International Skating Union ikweze zaka zolowera mpikisano wa akuluakulu kuchoka pa 15 kufika pa 17. Masewera amene palibe akuwayang'ana sadzikonza okha. Kholo limene limadziwa mbali yamdima imeneyi ndilonso lingateteze mwana wake pa masewera alionse, kaya pa ayezi kaya pa bwalo la mpira, kwa kochi amene amaika chikho patsogolo pa thanzi.

Tsono pali nkhani ya ndalama, imene kwa munthu wa ku Bellville ndi yaikulu kuposa zonse. Wobwera amene akulimbana ndi lendi, mapepala, fizi ya ana ndi ndalama zotumiza kumudzi angafunse kuti ayezi amupindulira chiyani. Tisanamizane: kulera katswiri wa figure skating n'kodula. Nsapato zabwino, mphunzitsi, maola a pa bwalo ndi maulendo zimafuna thumba lalikulu, ndipo bwalo lenilenilo limadya magetsi usana ndi usiku. Palinso makolo opemphera amene mtima wawo sungakhazikike poona kuti bwalo la ku Goodwood lili mumpanda umodzi ndi nyumba ya juga, ndipo nkhawa yawo ndi yoyenera kuilemekeza, ngakhale kuti bwalolo ndi gawo lapadera limene mabanja amalowa ndi ana. Koma pakati pa kulera katswiri ndi kusadziwa chilichonse pali mtunda wautali. Pa nthawi yotsegulira anthu wamba nsapato zimabwerekedwa pomwepo. Kuwonera n'kotsika mtengo kuposa pamenepo. Komanso mfundo yakuti wosauka asamaone zokongola kufikira mavuto ake atatha ndi yoopsa, chifukwa mavuto a wobwera satha. Munthu amene tsiku lonse amaonedwa ngati manja ogwira ntchito ali ndi ufulu wokhala pansi madzulo n'kudabwa ndi zimene thupi la munthu lingachite.

Kuwonerako sikuyenera kudikira Olimpiki. Nyengo ya mipikisano imayamba chakumapeto kwa Ogasiti ndi Junior Grand Prix, imene International Skating Union imaionetsa pa YouTube kwaulere, kupatula bandulo. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala kumakhala Grand Prix ya akuluakulu. Kumayambiriro kwa chaka kumabwera mpikisano wa ku Ulaya ndi wa Four Continents, umene unayamba mu 1999 kuti ukhale wa America, Asia, Oceania ndi Africa. Mu Malichi nyengo imatsekedwa ndi mpikisano wa dziko lonse. Mipikisano ya ku Ulaya ndiyo yosavuta kwa ife, chifukwa nthawi ya ku Italy kapena ku France mu Febuluwale imasiyana ndi ya ku Cape Town ndi ku Lilongwe ndi ola limodzi lokha, pamene ya ku Beijing inali patsogolo ndi maola 6. Njira yabwino ndi kusankha wovina mmodzi n'kumutsata nyengo yonse. Amavina nyimbo zomwezo kuyambira mpikisano woyamba mpaka womaliza, choncho wowonera amaona gule akukhwima, amadziwa pamene pali lumpho limene limamuvuta, ndipo mtima umagunda asanafikepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wadekha nyengo imodzi sadzafunanso womufotokozera.

Phindu lalikulu la zonsezi lili pa ana amene akubadwira ndi kukulira kuno. Iwowa amalankhula Chichewa kunyumba, Chingerezi kusukulu, Chixhosa ndi Chiafrikaans pamsewu, ndipo tsiku lililonse akuphunzira mwakachetechete malo amene ndi awo ndi amene si awo mumzinda uno. Tsankho lakale linkaphunzitsa phunziro limeneli ndi zikwangwani. Zikwangwanizo zinachotsedwa, koma phunzirolo limapitirira pamene kholo linena kuti uko si kwathu. Ngati mwana wa Mmalawi adzanyamule mbendera ku Olimpiki ya nyengo yozizira, n'zosakayikitsa kuti adzachokera ku banja lokhala pafupi ndi bwalo la ayezi, ndipo mabanja a ku Bellville, Parow ndi Goodwood ali m'gulu la oyandikira kwambiri. Mwina katswiri ameneyo sadzapezeka m'badwo uno, ndipo zimenezo sizichotsa kanthu pa mfundoyi. Mwana amene waphunzira kuti angalowe pa bwalo la ayezi adzalowanso mu laibulale, m'nyumba ya zisudzo ndi m'kalasi ya ku University of the Western Cape popanda kudzifunsa ngati akuloledwa. Choncho makolo, atsogoleri a mipingo ndi a magulu a Amalawi kuno, pokonza zochita za ana pa tchuthi, aikepo tsiku limodzi la ku ayezi, ndipo nyengo ya mipikisano ikayamba awonere nawo pamodzi, akuwafotokozera zimene zikuchitika.